Pampu yochotsa madzi m'boti la thanga: mafunso ndi mayankho

Lusaka alibe nyanja, koma maboti alimo ndithu. Ali pa ngolo m'mayadi a ku Makeni, Chilanga ndi Leopards Hill, atafundidwa matenti, kudikira Lachisanu kuti atsike mapiri kupita ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba, kapena akalowe mu Kafue, kapenanso ayende ulendo wautali wa ku Itezhi-Tezhi. Ena mwa iwo ndi a thanga, oyenda ndi mphepo, otalika mamita 5 mpaka 8, ndipo eni ake ambiri amadzikonzera okha zinthu poti amisiri a maboti otere ndi osowa kuno. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza pa nkhani ya bilge pump, pampu imene imakhala pansi penipeni m'boti n'kumapopera kunja madzi amene alowa. Ndanena mosabisa pamene ndili ndi maganizo anga, chifukwa pa madzi akuya zinthu zing'onozing'ono ngati waya ndi paipi ndi zimene zimabweza anthu kunyumba.

Kodi boti langa laling'onoli likufunikadi pampu ya magetsi?

Zimatengera mtundu wa boti. Ngati ndi kaboti kotseguka ka munthu mmodzi kapena awiri, kamene kakagubuduka mumakadzutsa nokha n'kupitiriza, musadzivute ndi batire. Kaboti kotere kamadalira zipinda zake za mpweya zotsekedwa bwino, chokapira chomangirira ndi chingwe, ndi siponji.

Boti lokhala ndi kachipinda, keel yolemera (chipsepse cha kunsi kwa boti choliletsa kugubuduka) ndi malo apansi pa matabwa oponda pamene madzi amabisala, limenelo likufuna pampu. Likufunanso kwambiri ngati mumalisiya pa madzi ku Siavonga inu n'kubwerera ku tauni kukagwira ntchito. Madzi a m'boti si vuto la kulemera kokha. Boti la thanga limayenda chopendekeka, ndipo madziwo amathamangira kumbali imene yatsika kale, n'kuitsitsa koposa. Malita 200 oyendayenda momasuka ndi oopsa kuposa katundu wa makilogalamu 200 womangidwa pamalo amodzi.

Pa bokosi palembedwa 500 GPH, pena 1100, pena 2000. Ndigule iti?

GPH ndi magaloni a ku America pa ola, ndipo galoni imodzi ndi malita 3.785. Choncho 500 GPH ndi malita pafupifupi 31 pa mphindi, 1100 ndi malita 69, ndipo 2000 ndi malita 126. Koma dziwani mmene opanga amapezera manambala amenewa: amayesa pampu ili ndi magetsi okwanira, popanda paipi, madzi akungotuluka pakamwa pake osakwera chitunda chilichonse. M'boti mwanu madziwo ayenera kukwera mita imodzi kapena kuposa, kudutsa m'paipi yokhotakhota, batire nalo litatsikako mphamvu. Mukapeza theka la zimene zalembedwa pa bokosi musadabwe.

Kwa boti la mamita 5 mpaka 6 ine sindipita pansi pa 800, ndipo ngati malo alipo ndimasankha 1100. Kwa la mamita 7 kapena 8 njira yabwino ndi mapampu awiri: yaing'ono ya 500 pansi penipeni yomachotsa madzi a tsiku ndi tsiku, ndi yaikulu ya 1500 kapena 2000 yoikidwa masentimita angapo pamwamba pake, imene imakhala youma ndi yoyera mpaka tsiku limene idzafunike. Mayina odziwika ndi Rule, Attwood, Whale, Jabsco ndi Johnson. Seaflo ndi yotsikirako mtengo ndipo imapezeka mosavuta. Yambani kufunsa m'mashopu a zipangizo za usodzi ndi maboti muno mu Lusaka, ndipo ikasowa ambiri amaitanitsa ku South Africa. Musanalipire yesani malo amene ikakhale ndi tepi, poti pansi pa maboti ambiri a thanga ndi popapatiza.

Ndikagunda chitsa ku Kariba boti n'kuboka, pampu indipulumutsa?

Funso limeneli ndi limene ndimafuna aliyense alimvetse asanagule kanthu. Khoma la Kariba litatha mu 1959, madzi anamiza nkhalango za m'chigwa cha Zambezi, ndipo mitengo ya mopane yambiri idakali chiimire mpaka lero, ina ikuoneka, ina ili pansi pang'ono pa madzi. Madzi akatsika kwambiri monga anachitira mu 2024, zitsa zimene kale munkadutsa pamwamba pake osazidziwa zimafika pogunda boti.

Tiyeni tiwerengere. Bowo lozungulira la mamilimita 25, lokhala masentimita 30 pansi pa madzi, limalowetsa malita opitirira 40 pa mphindi. Pampu ya 500 GPH, ngakhale itagwira ntchito monga mmene bokosi likunenera, yagonja kale. Bowo likakhala la mamilimita 50 madzi olowa amachuluka kanayi, malita ngati 170 pa mphindi, ndipo ya 2000 nayo siingakwanitse. Komanso boti likamadzaza limatsika, bowo limapita pansi koposa, madzi n'kumalowa mwamphamvu kuposa poyamba.

Pampu imakugulirani nthawi. Imakupatsani mphindi zoti mupeze bowo, mulitseke ndi nsanza, pilo kapena chipika chosongoka, muveke ana majekete oyandamitsa, mulunjike kumtunda ndi kuimba foni. Mphindi zimenezo n'zamtengo wapatali, makamaka pa madzi amene muli ng'ona ndi mvuu, pamene kusambira kupita kugombe si njira. Chifukwa chake ndimalimbikira kuti pampu iikidwe bwino, kuti mphindizo zikhale zambiri. Koma munthu asamayende pakati pa zitsa mosasamala poganiza kuti ali ndi pampu.

Ndiiike pati, ndipo ndiimange bwanji osaboola pansi pa boti?

Thirani ndowa imodzi ya madzi m'boti lili pa madzi, osati pa ngolo, muone pamene akukhazikika. Pamenepo ndi pamalo pake. Pa ngolo boti limakhala mopendekera kwina, ndipo mungaike pampu pamene pa nyanja pamakhala pouma. Onaninso timabowo timene tili m'nthiti za boti todutsitsa madzi kuchoka chigawo china kupita china. Tikatsekeka ndi mchenga ndi masamba, madzi amadzaza kutsogolo pampu ili phee kumbuyo.

Musakhomere screw m'thupi la boti. Maboti ambiri ang'onoang'ono a fibreglass ndi opyapyala pansi, ndipo screw imatulukira kunja kapena kung'amba pang'ono pamene padzayambe kuchucha pambuyo pake. Dulani kachidutswa ka marine ply (thabwa la maboti) kapena ka fibreglass, kapakeni epoxy (guluu wolimba wosalowa madzi) mbali zonse ngati ndi ka thabwa, palani pansipo ndi sandpaper, pukutani mafuta onse, ndipo kamateni ndi epoxy. Kakauma, mangirani sefa ya pampu, tsinde lake la timabowo loletsa zinyalala, pa kachidutswako ndi ma screw a stainless aafupi. Pampu imalowa m'sefayo ndi timano tiwiri ta pulasitiki, ndipo muyenera kutha kuitulutsa ndi dzanja limodzi, mumdima, osafuna sipanala. Ngati pansipo ndi pakuya moti dzanja silifika, mangirani pampu kumapeto kwa kachitsulo ka aluminiyamu kopindidwa, kamene mungakoke m'mwamba pamodzi ndi pampuyo.

Paipi iliyonse ingagwire? Ndili nayo yothirira kudimba.

Ya kudimba isiyeni kudimba. Ndi yopapatiza, imapindika n'kutseka njira, ndipo kutentha kwa ku chigwa mu Okutobala kumaifewetsa. Gulani paipi yofanana ndendende ndi pakamwa pa pampu: mapampu a 500 mpaka 800 nthawi zambiri amafuna ya mamilimita 19, ndipo a 1100 mpaka 2000 amafuna ya mamilimita 29. Mukaika pampu yaikulu pa paipi yaing'ono mwataya ndalama, chifukwa madzi otuluka amalamulidwa ndi paipiyo. Ikhale yosalala m'kati ndi yolimbitsidwa ndi ulusi kapena waya. Ija ya makwinya, yonga ya makina ochapira, ndi yosavuta kukhotetsa koma imachedwetsa madzi ndipo imasweka m'makwinyamo.

Njira ya paipi ikhale yaifupi, yokwera mosalekeza, yopanda pamene yatsika n'kukweranso. Potsika potere pamakhala madzi otsala, ndipo pampu ikayamba imakankha mpweya umene watsekeredwa pakati n'kulephera kuudutsitsa. Mbali zonse ziwiri mangani ndi ma clamp a stainless, awiri ngati malo alola. A chitsulo wamba a ku hardware amadya dzimbiri nyengo imodzi yokha.

Nanga potulukira madzi ndiboole pati?

Apa ndi pamene boti la thanga limasiyana ndi la injini, ndipo amene anazolowera maboti a usodzi amalakwitsa pomwepa. Boti la injini limayenda chilili. La thanga mphepo ikakula limagona chammbali kwa nthawi yaitali, ndipo bowo limene pa doko linali pamwamba bwinobwino limamira. Likamira, pampu ikangozima, madzi a m'paipi amabwerera pansi n'kuyamba kukoka a m'nyanja, monga mmene timakokera petulo m'thanki ndi kapaipi. Pampu imayaka, imazima, madzi amabwereranso, mpaka batire litatha. Likatha, palibenso chowaletsa.

Malo abwino koposa ndi kumbuyo kwa boti, pa thabwa lakumbuyo, chapakati ndiponso m'mwamba. Ngati n'kosatheka ndipo muyenera kutulutsira m'mbali, boolani pafupi ndi m'mphepete mwa pamwamba, ndipo paipi iyambe yakwera kufika pansi pa denga la boti isanatsike pang'ono kupita pabowo. Pamwamba pa uta umenewo ikani vented loop, kavavu kamene kamalowetsa mpweya n'kudula kukoka kuja. Musanaboole, tulukani tsiku la mphepo, wina ayang'ane pamene madzi akufika boti litapendekeka kwambiri, alembe ndi choko. Bowo likhale pamwamba pa mzere umenewo.

Poika chotulutsira madzicho gwiritsani ntchito chomatira cha maboti monga Sikaflex 291 kapena 3M 4200. Silikoni ya m'bafa imamatuka. Ndipo musalumikize paipi ya pampu ku paipi ya sinki kapena ku ija yochotsa madzi pokhalira woyendetsa. Pampu iliyonse ikhale ndi potulukira pake.

Wina wandiuza kuti ndiike non-return valve kuti madzi asamabwerere. N'zoona?

Pa mapampu omira m'madzi awa ine ndimakana. Amapopa ndi kampeni kozungulira kamene kalibe mphamvu yokankha zolimba. Madzi otsala pamwamba pa vavu amailemera, ndipo pampu ikhoza kulira osatha kuitsegula. Kachidutswa ka udzu kapena mamba a nsomba n'kokwanira kuigwira, yotseka kapena yotseguka.

Madzi obwerera si ambiri: paipi ya mamilimita 19 yotalika mamita 3 imasunga osakwana lita imodzi, ndipo ya mamilimita 29 imasunga malita ngati 2. Akakhala kuti akuyatsanso pampu chifukwa malo apansiwo ndi aang'ono, fupikitsani paipi kapena kwezani pang'ono float switch, kachipangizo koyandama koyatsa pampu. Uku n'chifukwa chinanso chimene pampu yaing'ono imayenera kukhala pansi, yaikulu pamwamba.

Float switch ndi yofunika, kapena ndizingoyatsa ndekha?

Ngati boti limagona pa madzi inu kulibe, ndi yofunika. Ndi kachipangizo koyandama kamene madzi akafika masentimita ngati 5 kamakwera n'kuyatsa pampu, akatsika kamazimitsa. Kaikeni motsata utali wa boti, osati mopingasa, kuti kupendekeka kusamakanamize. Kakhale pa msinkhu umodzi ndi pampu kapena pamwamba pang'ono. Kakakhala pansi kuposa pampu, pampuyo imayamba kukoka mpweya kasanazime, ndipo imalira osaleka. Gulani kokhala ndi chivundikiro, chifukwa chingwe, botolo kapena nsapato ya mwana ikagwera pamenepo imakapanikiza.

Alipo mapampu okhala ndi zonse m'kati. Ena amamva madzi ndi sensa yopanda choyenda, ena monga a Rule amadziyatsa kwa kanthawi kochepa pakapita mphindi ziwiri ndi theka zilizonse kuti amve ngati pali madzi. Otsirizawa amadya batire pang'onopang'ono ngakhale m'boti muli mouma, choncho amayenera boti lokhala ndi sola.

Pamalo oyendetsera ikani swichi ya mbali zitatu: yodziyatsa yokha, yozima, ndi yoyatsa ndi dzanja. Onjezani kanyale kofiira koyaka pampu ikamagwira ntchito, ndipo pa pampu yapamwamba ikani kabelu. Mphepo ndi mafunde zikamasokosa simungamve pampu ili pansi pa matabwa, ndipo ikhoza kulimbana ndi madzi kwa ola lathunthu inu osadziwa kuti boti likuchucha.

Mawaya ndingapatse wa magetsi a motoka wa ku Kamwala kapena ku garaji ya kwathu?

Mungathe, ambiri ndi aluso, koma mukhale naye pafupi ndi kumuuza zinthu zingapo zimene pa motoka sizivuta koma pa boti zimavuta.

Pa motoka waya wa negative amangoumangirira ku chitsulo cha thupi. Pa boti ayi: mawaya onse awiri ayenera kuchokera ku batire n'kubwerera ku batire. Fibreglass ndi thabwa sizidutsitsa magetsi, ndipo pa boti la aluminiyamu magetsi oyenda m'thupi amadya chitsulo mpaka kuboola.

Kenako kukula kwa waya. Pampu imafooka msanga magetsi akatsika, ndipo muyezo wa ABYC, bungwe la ku America lolemba malamulo a kapangidwe ka maboti, umati pa zipangizo zofunika ngati izi magetsi otayika m'waya asapitirire 3 peresenti, amene pa 12V ndi 0.36V. Powerengera utali muphatikize kupita ndi kubwera. Batire likakhala mamita 4 kuchokera pa pampu, waya ndi wa mamita 8. Pampu yokoka ma amp 3.5 pa waya wa 1.5 mm² imataya pafupifupi 0.33V, zimene zangokwanira. Pa waya wopyapyala wa 0.75 mm², ngati uja wa sipika, imataya kawiri kuposa pamenepo. Pampu yaikulu ya 2000, yokoka ma amp opitirira 8, imafuna 4 mm² pa utali womwewo. Mukakayika, tengani wokulirapo. Waya wabwino ndi wa timawaya tambiri tofewa tokutidwa ndi tin, umene sudera msanga m'chinyezi. Waya wolimba wa m'nyumba umathyoka ndi kugwedezeka, makamaka boti likamakokedwa m'misewu ya mabampu.

Polumikiza, iwalani zopota mawaya ndi kukulunga tepi yakuda. Gwiritsani ntchito zolumikizira zofinya zokhala ndi heat shrink (kapaipi kofota kakatenthedwa) ya guluu m'kati, ndipo mfundo zonse zimangiriridwe m'mwamba, kutali ndi pamene madzi angafike. Mawaya a pampu amabwera aatali dala chifukwa cha zimenezi, musawadule kufupi. Pa mapampu ambiri wa bulauni ndi positive, wakuda ndi negative, ndipo a mawaya atatu amakhala ndi wina wa bulauni ndi mzere woyera woyatsira ndi dzanja. Werengani pepala lake. Mukasinthanitsa mawaya pampu imalirabe koma imazungulira chobwerera n'kumatulutsa timadzi tochepa, ndipo anthu amaganiza kuti agula yabodza.

Mbali yodziyatsa yokha ilumikizidwe ku batire mwachindunji, osadutsa pa swichi yaikulu imene mumazimitsa pochoka. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, mkati mwa masentimita 18, ndipo ikhale ya nambala imene wopanga walemba, osaposa. Pampu ikagwidwa ndi zinyalala mota wake umatentha, ndipo fyuzi yoyenera imaduka pulasitiki isanasungunuke. Kuika waya kapena pepala lonyezimira m'malo mwa fyuzi ndi kuitana moto pamalo opanda kothawira. Matani fyuzi zina ziwiri ndi tepi pambali pomwepo.

Batire liti? Ndili ndi laling'ono la 7Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire limasunga) lochokera pa geti ya magetsi.

Pa madzi a mvula lingathandize. Pampu ya 500 imakoka ma amp ngati 2. Tinene kuti mvula ya mamilimita 40 yagwa pa malo otseguka a masikweya mita 6: amenewo ndi malita 240, zigubu 12 za malita 20. Pampu yotulutsa malita 15 pa mphindi imawachotsa m'mphindi 16, n'kudya theka la Ah basi. Koma pa ngozi, pamene pampu ikulira osapuma, batire limenelo silikufikitsani maola atatu lili ndi mphamvu yeniyeni, ndipo ndi pampu yaikulu limatha msanga kwambiri.

Kwa boti lokhala ndi kachipinda tengani la deep cycle, ngati aja a sola amene ambiri tinagula chifukwa cha kupita kwa malaiti, la 50Ah kapena kuposa. La motoka linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kanthawi, ndipo likamatsitsidwa kawirikawiri limafa msanga. Limangeni m'bokosi ndi lamba, pamalo okwera, kuti boti likapendekeka lisagubuduke komanso madzi asalimize poyambirira. Kasola ka mawati 20 ndi controller wake n'kokwanira kulisunga lodzaza ngati boti limakhala pa doko. Dzuwa tili nalo.

Bwanji pampu ya pa dziwe la nsomba kapena ya m'chitsime, ndi inverter?

Ayi. Magetsi a 220V alibe malo m'boti lonyowa limene anthu aima m'madzi opanda nsapato. Mapampu a 12V a m'minda nawo sanapangidwe kuti akhale pamalo amene pangakhale mpweya wa petulo. Pampu ya boti imalembedwa kuti ignition protected, kutanthauza kuti siitulutsa kamoto kunja.

Boti langa limakhala pa ngolo pa yadi nthawi ya mvula. Pampu izigwira ntchito pamenepo?

Pa yadi pampu siifunika. Chotsani pulagi yotulutsira madzi kumbuyo, kwezani kutsogolo kwa ngolo, ndipo tenti muimangire pa mtanda kuti ikhale ngati denga, isapange thamanda. Lusaka amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pa chaka, yambiri pakati pa Disembala ndi Febuluwale, ndipo boti losiyidwa ndi pulagi yotseka limadzaza mpaka kupinda ekiselo ya ngolo kapena kuphwanya pansi pake pamene lakhalira. Madzi otsalira ndi malonso oswanirana udzudzu pafupi ndi nyumba.

Pulagiyo mukaichotsa imangirireni pa chiwongolero kapena pa chokokera ngolo, pamene simungalephere kuiona. Maboti ambiri amene amadzaza madzi mphindi zoyamba atatsitsidwa amakhala kuti pulagi yatsala m'thumba kapena ku Lusaka.

Ndikaika ya magetsi, ya pamanja ndi yofunikabe?

Kwambiri. Ndikanati ndisankhe imodzi yokha pa boti la thanga, ndikanasankha ya pamanja. Madzi akakwera, choyamba kufa ndi magetsi. Pampu ya pamanja, monga Whale Gusher, imakoka ndi chikopa cha labala, imadutsitsa tizinyalala timene tingagwire ya magetsi, ndipo imagwira ntchito malinga muli ndi mkono. Iikeni pamene woyendetsa angapope dzanja lina lili pa chiwongolero, osatsegula chitseko cha kachipinda. Kumapeto kwa paipi yokokera ikani sefa, ndipo chogwirira chake chimangiriridwe ndi chingwe. Labala wake amauma ndi kutentha, choncho sungani wina. Ndowa yolimba nayo isasowe, pamodzi ndi chigubu chodula chokapira.

Madzi a m'boti ali ndi mafuta. Ndingawapopere m'nyanja?

Musatero. Kariba ndi Kafue ndi kumene kumachokera kapenta ndi nsomba zimene timagula ku msika wa Soweto, ndipo madzi ambiri a m'mipope ya Lusaka amachokera mu Kafue momwemo. Lamulo la Environmental Management Act la 2011, limene ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, imayang'anira, limaletsa kuipitsa madzi. Ikani nsalu yoyamwa mafuta pansi pa injini ndi pafupi ndi pampu, ndipo madzi oipa akapireni m'chigubu mukatayire kumtunda pamalo oyenera. Mafuta amawononganso pulasitiki ndi labala wa pampu. Mukamva fungo la petulo pansi pa matabwa, musayatse chilichonse. Tsegulani ponse mpweya upite, pezani pamene akuchucha, ndipo pukutani ndi manja.

Pampu ikulira koma madzi satuluka. Chavuta n'chiyani?

Yambani ndi sefa. Itulutseni pampu muyang'ane kampeni kozungulira: ulusi wa mbedza, tsitsi, mchenga, timapulasitiki todula pa ma cable tie ndi zidutswa za udzu wa m'madzi monga Kariba weed ndi namasupuni wa mu Kafue ndi zimene zimapezeka kawirikawiri. Boti likangokonzedwa kumene, utuchi ndi fumbi la fibreglass ndi zimene zimatseka, choncho sesani bwino musanathire madzi.

Sefa ikakhala yoyera, zimitsani pampu kwa masekondi angapo n'kuyatsanso, poti mwina ndi mpweya wotsekeredwa. Zikamachitika kawirikawiri, paipi ili ndi potsika pamene pafunika kuwongola. Onani ngati paipi sinapindike kuseri kwa thabwa, ndiponso ngati mavu omanga ndi dothi sanatseke potulukira pamene boti linali pa yadi. Pomaliza yesani magetsi ndi mita pa mawaya a pampu penipeni ikugwira ntchito, osati pa batire. Kusiyana kukakhala kwakukulu, pali mfundo imene yachita dzimbiri kapena waya ndi wochepa.

Ndingaiyese bwanji ndisananyamuke?

Tsekani pulagi, thirani zigubu zitatu za malita 20, ndipo musakhudze swichi. Pampu iyenera kudziyatsa yokha. Ikani chigubu chopanda kanthu potulukira madzi muwerenge masekondi mpaka chidzaze. Chikadzaza pa mphindi imodzi, pampu yanu ndi ya malita 20 pa mphindi, kaya bokosi likuti chiyani. Lembani nambalayo m'kati mwa chitseko, ndipo mukadzayesanso n'kupeza yatsika mudzadziwa kuti china chayamba kuvuta. Onani kuti yazima yokha ndipo siikuyakanso madzi a m'paipi atabwerera. Zimitsani swichi yaikulu mubwereze. Yesani ndi ya pamanja, ndipo aliyense wokwera, ngakhale mwana wamkulu, aphunzire pamene chogwirira chimakhala.

Msewu wa ku Siavonga ndi wa makilomita ngati 200, wokhotakhota m'mapiri, ndipo kugwedezeka kumamasula mawaya ndi ma clamp. Mukafika, musanatsitse boti, kwezani float switch ndi chala mumve pampu ikulira. Timadzi ta sentimita imodzi kapena awiri totsala pansi ndi tachibadwa pa mapampu amenewa, tichotseni ndi siponji.

Pampu ikuyaka pafupipafupi ngakhale kulibe mvula. Ndingadziwe bwanji kumene madzi akulowera?

Musazolowere kulira kwake. Pampu yoyaka pafupipafupi ikukuuzani kuti pali pochucha, ndipo pochuchapo pamakula. A ku nyanja za mchere amalawa madzi kuti asiyanitse a mvula ndi a m'nyanja, koma kwathu onse ndi opanda mchere, ndipo si oyenera kuika pakamwa.

Umitsani m'boti monse ndi siponji ndi nsalu, wazani ufa wa choko kapena paudala wa ana mozungulira malo okayikitsa, ndipo dikirani. Madzi amasiya kanjira m'ufamo kolozera kumene achokera. Malo oyamba kuyang'ana ndi mabawuti a keel, bokosi la centreboard (chipsepse chokweza ndi kutsitsa kunsi kwa boti) ndi pini yake, zomangira chiwongolero kumbuyo, pulagi ndi labala wake, ndi paliponse pamene paipi yadutsa m'thupi la boti. Ngati madzi amalowa pokhapokha mukuyenda, kayikirani polumikizira denga ndi thupi la boti, pamene pamamira mukapendekeka, komanso potulukira pa pampu yomweyo. Ngati amalowa mvula ikagwa, wina athire madzi ndi paipi pa mawindo, pa chitseko ndi patsinde pa mlongoti, malo amodzi pa nthawi kuyambira pansi kukwera m'mwamba, inu muli m'kati ndi tochi.

Boti likakhala pa ngolo mungathenso kuthira madzi m'kati, osapitirira masentimita 10 kuti ngolo isalemedwe, n'kugona pansi pake kuyang'ana pamene pakudontha. Lembani pamalopo ndi pensulo, tulutsani madzi, ndipo lisiyeni liume bwino masiku angapo padzuwa musanamate ndi epoxy, chifukwa epoxy siigwira pa fibreglass yonyowa.